Tyson wa 1988 akumane ndi Ali uti?

Pa nkhonya, Muhammad Ali akanamuthibula Mike Tyson. Ndayambira pa yankho dala, kuti amene akufuna kunditukwana asataye nthawi kuwerenga mpaka m'munsimu. Koma Ali amene ndikunena ine si uja ambiri amamutama, wovinavina wa m'ma 1960. Ameneyo ndimamuopera.

Ife amene tinakulira ku Kawale kumayambiriro kwa ma 1990 tonse tinali ana a Tyson. Wailesi ya kanema m'Malawi muno inadzabwera mu 1999, choncho nkhonya tinkaonera ku vidiyo sho, pa matepi ofika mochedwa ndi zaka. Kachipinda kamdima, mabenchi a matabwa, bulangete pakhomo kuti osalipira asasuzumire. Tsiku limene anaika tepi ya Tyson ndi Michael Spinks, ndewu ya mu June 1988, panabuka mlandu. Anthu asanakhazikike n'komwe, wina akusendabe nzimbe, Spinks anali gone chagada. Masekondi 91 basi. Tinakuwa kuti atibwezere ndalama zathu, mwini vidiyo n'kungobweza tepi m'mbuyo, kuionetsanso, kubwezanso, mpaka mitima itatsika. Mnyamata amene waona zimenezo simungamuuze kuti padziko panakhalapo munthu woti n'kuima pamaso pa Tyson.

Amalume anga a ku Area 25 ndi a Ali mpaka m'magazi. Ndewu ya Ali ndi George Foreman ya ku Kinshasa pa 30 October 1974 amati anaimva pa wailesi, ndipo mapazi a Ali anadzawaona koyamba ali kale ndi imvi, pa foni yanga. Tsiku lina ndinawaperekeza kometa ku Biwi, magetsi n'kuzima mutu wawo utametedwa mbali imodzi. Podikira, wometa uja, mnyamata wa ndolo kukhutu, anayambitsa nkhaniyi.

"Madala, Larry Holmes anamumenya Ali. Trevor Berbick anamumenya Ali. Onse awiriwo Tyson anawagoneka. Ndiye mukulimbikira chiyani?"

Amalume anangofunsa kuti, "Iwe, unabadwa liti?" Anthu anaseka, koma limenelo si yankho, ndipo mnyamatayo sananame. Holmes anamenya Ali mu 1980 ku Las Vegas, Berbick anamupambana pa mapointi mu 1981 ku Bahamas. Tyson analanda lamba kwa Berbick pa 22 November 1986 mu raundi yachiwiri ali ndi zaka 20 zokha, kenako anagwetsa Holmes mu raundi yachinayi mu January 1988. Chimene mnyamatayo anasiya ndi zaka. Ali anakumana ndi Holmes ali ndi zaka 38, ndi Berbick ali ndi 39, thupi litatha kale. Holmes naye polimbana ndi Tyson anali ndi 38, atakhala pakhomo pafupifupi zaka ziwiri osamenya. Tikawerengera motero, tivomerezenso kuti Jake Paul, mnyamata wa pa YouTube, amamuposa Tyson poti anamupambana mu 2024 mkuluyo ali ndi zaka 58. Nditanena zimenezi wometa uja anakana ndi mutu womwe.

Ndiye tiyeni titenge aliyense ali pa chimake. Tyson tikudziwa kuti ndi wa pakati pa 1986 ndi 1988. Vuto ndi Ali, chifukwa analipo awiri. Mu 1967 anamulanda lamba atakana kulowa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, n'kukhala zaka zitatu ndi theka osamenya, ndipo amene anabwerera mu 1970 anali munthu wina, miyendo italemera.

Amalume amasankha woyambayo, uja anamwaza Cleveland Williams ku Houston mu November 1966, ndewu n'kutha mu raundi yachitatu. N'zoona, munthu wa thupi lalikulu choncho wopepuka mapazi moteromo sanaonekenso. Koma mukaonetsetse mmene ankazembera. Manja ali m'chiuno, chibakera chikubwera, iye n'kungopendekera m'mbuyo kuti chimudutse pa mphuno. Ndi munthu wochedwa zimatheka. Ndi munthu amene amaponya chokhota cha kumanzere akulumpha, n'kusewera ndi moto. Sonny Banks anamugwetsa nacho mu 1962. Henry Cooper anamugwetsa nacho ku London mu 1963 kumapeto kwa raundi yachinayi, belu n'kumupulumutsa, chonsecho Cooper anali wopepuka, sankafika ndi makilo 90 omwe. Joe Frazier anamugwetsa nacho mu raundi ya 15 ku Madison Square Garden mu March 1971. Chibakera chimodzimodzi, katatu konse. Ndipo chimenecho ndicho kochi Cus D'Amato anamusulira Tyson: magolovesi m'masaya, mutu uku ndi uku, kulowa chowerama, kenako phaa chochokera m'munsi. Frazier ankachedwa kutentha, maraundi oyamba ankaluza. Tyson ankatuluka pa kona atawira kale. Ali wa zaka 24, wodzidalira, manja ali pansi, m'maraundi atatu oyambawo ine ndalama yanga sindingamuikire.

Wanga ndi wa ku Kinshasa, wa zaka 32, wolemera makilo 98, pafupifupi chimodzimodzi ndi Tyson tsiku la Spinks, koma wamtali masentimita 191 pamene Tyson ndi 178. Ameneyu anali atalawa kale zonse. Frazier anamugwetsa, iye n'kudzuka n'kumaliza. Ken Norton anamuthyola nsagwada mu 1973, iye n'kufika nayo raundi ya 12. Ndipo George Foreman amene anakumana naye usiku umenewo anali Tyson wa nthawi yake, mwinanso kuposa. Anali atagwetsa Frazier kasanu n'kamodzi m'maraundi awiri ku Kingston, Norton naye osadutsa raundi yachiwiri ku Caracas. Anthu awiri okhawo amene anali atamupambanapo Ali, Foreman anawatha ngati akuthyola chimanga chouma. Ambiri ankaopa kuti Ali akavulala.

Nkhani ya zingwe aliyense amaidziwa, yoti anatsamira n'kumusiya Foreman adzitopetse yekha mpaka kumugwetsa mu raundi ya 8. Chimene ine ndimayang'ana ndikabwereza ndewu imeneyo ndi dzanja lamanzere la Ali. Foreman akangoyandikira, dzanjalo lili kumbuyo kwa khosi, kumukokera mutu pansi, kumuyedzamira ndi thupi lonse, kwinaku akumulankhula kukhutu. Refa akawalekanitsa, zibakera ziwiri zowongoka kumaso, kenako kugwiranso. N'zosakongola, ndipo n'zosaloledwa kwenikweni. Koma ndiwo mankhwala a Tyson.

Taonani amene anamaliza ndi Tyson maraundi onse iye ali pa chimake. James Tillis ndi Mitch Green mu 1986, maraundi 10. James Smith ndi Tony Tucker mu 1987, maraundi 12. Tyson anapambana zonsezo, palibe akukana. Koma mukaonera ya Smith mudzaona kuti akagwiridwa ankavomera, manja ake n'kukhala phee m'khwapa mwa mnzake kudikira refa. Frazier ukamugwira ankapitiriza kukusinja nthiti, n'chifukwa chake ku Manila mu 1975 anamufikitsa Ali pa mpeni mpaka raundi ya 14, pamene kochi wa Frazier, Eddie Futch, anaimitsa ndewu. Tyson moto umenewo wa maraundi akumapeto analibe. Smith ankagwira kuti apulumuke basi. Ali akanagwira, n'kumenya, n'kumunyoza, ndipo raundi iliyonse yodutsa ikanakhala yake kuposa yam'mbuyo.

Pali chinanso chimene anzanga sakonda kumva. Tyson sanagwepo pansi n'kudzuka n'kupambana. Ku Tokyo mu February 1990 anamugwetsa Buster Douglas mu raundi ya 8, Douglas n'kudzuka, n'kudzamutsiriza mu raundi ya 10. Tonse tikukumbukira Tyson akukwawa, akufufuza kachotetezera mano kake pansi. Evander Holyfield mu 1996 sanamuope, anamukankhira m'mbuyo, ndewu n'kuimitsidwa mu raundi ya 11. Chaka chotsatira zinthu zitamuvutanso, tinaona akumuluma khutu Holyfield.

"Aise, wa ku Tokyo sanali Tyson weniweni," amatero mnzanga wina woyendetsa minibasi ya ku Likuni. Akunena zoona pang'ono. D'Amato anamwalira mu 1985, kochi Kevin Rooney anachotsedwa mu 1988, ndipo mutu uja unasiya kugwedezeka. Koma ku Tokyo mnyamatayo anali ndi zaka 23. Ngati Tyson weniweni anatha asanakwanitse 24, ndiye kuti sitinamuone akuyesedwa ndi munthu wa msinkhu wa Ali, ndipo tikungoganizira kuti akanapirira. Za Ali sitiganizira ayi, tinaona.

Pamene ndimagonjera anzangawo ndi pa malamulo. Nthawi ya Ali ndewu ya lamba inali ya maraundi 15. Anaitsitsa kufika 12 pambuyo pa imfa ya Duk Koo Kim, amene anavulala pomenyana ndi Ray Mancini mu 1982. Mukawapatsa 12, Tyson atadya maraundi anayi kapena asanu oyamba, mwinanso atamugwetsako kamodzi, majaji akhoza kumupatsa. Mukaikaponso refa wamakono wodula mapointi munthu akagwira khosi, Ali wanga wamangidwa dzanja limodzi. Ndiye wina akandifunsa ndimayamba ndamufunsa kuti maraundi angati, refa wa chaka chiti. Pa 15, ndi refa wa ku Kinshasa uja Zack Clayton, ndikuona Tyson akuimitsidwa cha m'ma 11 kapena 12, maso atatupa.

Achinyamata a masiku ano amalowetsapo za matupi, eti onsewa ndi ana poyerekeza ndi Tyson Fury wa masentimita 206. Kwa Rocky Marciano, katswiri wa m'ma 1950, ndivomera. Anapambana ndewu zonse 49, koma ndi makilo ake 85 aja lero sakanakhala n'komwe mu heavyweight, gulu la olemera kwambiri. Paja mu 1970 azungu anaonetsa ndewu yopeka ya iye ndi Ali, wopambana atasankhidwa ndi kompyuta, ku America n'kutuluka kuti Marciano wagwetsa Ali mu raundi ya 13. Amalume akamva zimenezi amalavula. Koma kwa Ali mfundo ya thupiyi inafa mu 2024, pamene Oleksandr Usyk, wamtali chimodzimodzi ndi Ali, anamupambana Fury kawiri ku Riyadh ndi mapazi ndi mpweya, atachita kale zomwezo kwa Anthony Joshua.

Magetsi atabwera tsiku lija, wometa uja anayesa kubwezera akumaliza mutu wa amalume. Anati chabwino, Ali tamusiya, nanga Tyson ndi Foreman? Ankayembekeza kuti pamenepo timupatsa. Koma imeneyo ndiye yosavuta kuposa ya Ali. Munthu wamfupi wolowa chowerama, wosadziwa kubwerera m'mbuyo, ndiye chakudya cha Foreman wa 1973: ankamukankha pa mapewa ndi manja awiri kuti aime patali, kenako chibakera chochokera pansi chokweza munthu m'mwamba. Frazier anayesa njira imeneyo ku Kingston. Ndinamutsegulira pa foni, anaonera makina ali m'manja akulira, ndipo Frazier atagwa kachinayi anandibwezera foniyo n'kuwauza amalume kuti aweramitse mutu.