Tsiku langa kwa osula zitsulo ku Linga

Lero m'mawa ndinakwera kabaza kupita ku Linga, pa boma la Nkhotakota, kukanoletsa chikwanje cha amayi, chinabuntha moti ngakhale nthochi chimangoiphwanya. Kuseri kwa msika kuli agogo ena osula, amapanga mipeni, makasu ndi nkhwangwa kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakutha, mvukuto wawo ndi gudumu la njinga, kamnyamata kakupukusa ndi dzanja makala kuchita kufiira psuu.

Ndikutambasula dzanja kuti ndiwapatse chikwanje anakana. "Ikani pansi mwana wanga, chakuthwa sapatsana pamanja, mumadula chibale." Ndinaika pansi, basi nkhani zinayambira pomwepo.

Akuti makolo akamasungunula chitsulo mu ng'anjo ankagona kutchire masiku onsewo, osayandikira akazi awo, munthu wotentha akangofika pafupi chitsulo chimakana kutuluka, chimangokhala zinyalala. Ng'anjo zakale ngati zimenezo zilipobe ku Kasungu National Park, ndipo ine zimandikhudza kwambiri kuti anthu athu ankatulutsa chitsulo m'miyala pomwe ife lero mpeni wapakhitchini timadikira wa ku China. Kenako agogo aja analowa za Jumbe, uja anachokera ku Zanzibar cha m'ma 1840 nkukhazikitsa msika wa akapolo kuno, ngalawa zikuwolotsa anthu kutsidya la nyanja, mpaka David Livingstone atafika mu 1861 anapeza malondawa ali pachimake. Agogowa akuti anamva kwa agogo awo kuti lupanga la asilikali a Jumbe likasololedwa silibwerera m'chimake lisanalawe magazi. Kaya linalidi ndi mankhwala kaya ayi, koma taganizani mantha amene anthu anali nawo kuti nkhani yotere ifike mpaka kwa ife.

Pomwe tinasiyana ndi pa zokhwima, zoti munthu akatemera mphini nkumanga chithumwa m'chiuno mpeni sulowa. Apa ndinawauza poyera kuti agogo izi ayi, kwathu mnyamata wina anayesa zimenezi pamowa anzake akuwombera m'manja, anakasokedwa kuchipatala ndipo dzanjalo mpaka pano siligwira khasu. Agogowo anangoti mwina anaphwanya chizimba.

Masana ndinadya nsima ya kondowole ndi kampango kunyanja, dzuwa likuswa mtengo. Loweruka ndibwereranso foni itadzadza moto ndikawajambule mawu agogo aja, akuti ali ndi nkhani ina ya nkhwangwa yomwe ankaiponya pabwalo kuti mvula ya matalala ileke.