Lachinayi ku Sesriem: mchenga m'nsima, madzi m'matilesi

Ndikulemba nditakhala pakhomo la galimoto, miyendo panja, bulangete m'mapewa, tochi pamphumi. Bambo akunyumba agona kalekale, mkonono uli pakamwa ngati si iwo amene atikumbitsa mchenga ndi manja m'mawa uno. Kunja kuli zii. Kuzizira kwa Juni wa kuno sikwamasewera, zala zikuchita kukanika kugwira cholembera.

Lero ndi tsiku lachinayi chinyamukireni ku Cape Town, ndipo tili ku Sesriem, m'chipululu cha Namib ku Namibia. Nyumba yathu sabata ino ndi HiAce yakale, mtundu womwe uja wa maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre. Bambowa anaigula kuti azinyamulira katundu wa anthu osamuka. Ulendo uno anachotsa mipando, n'kukhoma matabwa, pamwamba matilesi, pansi zigubu zitatu za malita 25, mbaula ya gasi, mapoto awiri, ufa ndi kathumba ka usipa. Basi, moyo wonse wa anthu awiri wakwana m'menemo.

Zaka 11 ndakhala ndikusamalira okalamba m'nyumba za anthu, ndipo tchuthi changa chilichonse chinali cha kumudzi. Amene mumakhala ku Joni mukudziwa. Umayamba wafika ku Johannesburg, kenako basi, Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, Mwanza, zikwama zodzadza mpaka zipi kung'ambika. Ukafika pali chiliza choti chimangidwe, pali denga lodontha, pali milandu ya malire a munda imene akhala akukusungira chaka chonse. Sindikudandaula, abale ndi anga. Koma ndinkabwerera kuntchito nditatopa kuposa mmene ndinachokera. Chaka chino ndinati ayi, masiku khumi awa ndi anga. Nditawaimbira Amayi tili ku Mariental kuwauza kumene tikupita, anakhala kaye chete, kenako anati, "Mwawoloka malire kukaona mchenga? Wa ku Senga Bay watha?" Ndinaseka, koma funsolo ndayenda nalo msewu wonse wafumbi wochokera ku Maltahöhe, uja wa timizeremizere ngati malata umene umagwedeza mano m'kamwa.

Tinadzuka kudakali mdima wa ndiweyani. Pano pa Sesriem pali zipata ziwiri zolowera m'paki ya Namib-Naukluft. Chakunja amatsegula dzuwa likamatuluka, cham'kati amatsegula kutatsala ola limodzi. Ndiye amene wagona pamsasa wa pakati pa zipatazi amakhala ndi mwayi wofika kumilu ya mchenga dzuwa lisanatuluke. N'chifukwa chake tinalipira kugona muno. Tinamwa tiyi chiimire, n'kukafola pamzere wa magalimoto. Ena onse anali ma 4x4 atsopano, matenti padenga, ife ndi minibasi yathu pakati pawo ngati tasokera siteji.

Msewu wake ndi wa tala, pafupifupi makilomita 60, ndipo salola kupyola 60 pa ola chifukwa nyama zimadutsa. Tinaima pa Dune 45. Dzinalo lilibe chinsinsi, muluwo uli pa makilomita 45 kuchokera ku Sesriem. Poona uli pansi umati aa, kaphiri aka ndikwera ndikuimba. Bodza. Ukaponda katatu, mchenga wakubweza kamodzi. Njira yake ndi pamsana penipeni pa mulu, popyapyala ngati mpeni, kuphompho uku ndi uku. Ndinavula nsapato n'kutsala ndi sokosi, mchenga wozizira ngati simenti ya m'mawa. Ndili wefuwefu chapakati, anandipitirira gogo wina wachizungu, tsitsi mbuu, ndodo ziwiri m'manja, n'kundimwetulira. Ine amene ntchito yanga ndi kugwira agogo otere padzanja popita kubafa! Manyazi ndi amene anandifikitsa pamwamba.

Kenako dzuwa linatuluka. Mbali imodzi ya mulu inafiira psuu ngati chitsulo cha pamoto, mbali inayo idakali bii, ndipo pakati pake mzere wowongoka ngati wojambula ndi lula. Milu ina yonse mpaka kumene maso alekezera inachita chimodzimodzi. Palibe anayankhula, ngakhale achinyamata amene ankasokosa pokwera. Kufiirako ndi dzimbiri, timchengato tili ndi chitsulo chimene chachita dzimbiri kwa zaka zosawerengeka. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti mchenga wambiri umenewu unabwera ndi mtsinje wa Orange, womwe uja tinawoloka Lachiwiri pa Vioolsdrif. Mtsinje unautaya m'nyanja ya Atlantic, mafunde anaukankhira kumpoto, mphepo n'kuubweza kumtunda. Mu 2013 a UNESCO anaika dera lonseli m'kaundula wa malo ofunika padziko lapansi, dzina lake Namib Sand Sea. Nyanja ya mchenga. Amayi akanaona okha, mwina za Senga Bay akanazisiya.

Potsika ndinathamanga ngati mwana, nsapato m'manja.

Tsopano nkhani ya bambo akunyumba. Tala amathera pamalo oimika magalimoto wamba. Makilomita asanu otsalawo ndi mchenga wokhawokha, wa ma 4x4, ndipo pali magalimoto apadera onyamula anthu mukalipira. Ine ndinali nditatulutsa kale ndalama. Iwo akuti, "Mayi, bwezerani m'chikwama. Ine ndayendetsapo lole m'matope a ku Ntchisi mwezi wa Febuluwale. Mchenga ungandiuze chiyani?" Ndinati, "Bambo, taonani matayala a anzathuwo." Akuti ndikhale phee ndione.

Ndinaonadi. Sitinayende ngakhale mtunda wa bwalo la mpira. Galimoto inadumpha kawiri, zinthu kumbuyo gugudu, kenako inangolira osasuntha. Iwo kuponda moto, matayala akumbuyo kukumba, mpaka mimba ya galimoto inakhala pansi. Safunsa anadya phula, koma mwambiwo ndinaumeza, nthawi yake sinali imeneyo. Tinagwada n'kuyamba kufukula, ine ndi chivundikiro cha poto, iwo ndi manja. Magalimoto ankatilambalala, ana akutijambula pawindo.

Anatiimira bambo wina wa kuno, wa bakkie yoyera, galimoto ya bokosi kumbuyo. Sanaseke, ndipo ndimuthokoza mpaka kale chifukwa cha zimenezo. Anagwada pa tayala, n'kutenga kamtengo kuyamba kuphwetsa mpweya. Anatifotokozera kuti matope ndi mchenga n'zosiyana. Tayala lolimba limadula mchenga n'kumira, lophwa pang'ono limatambalala n'kuyenda pamwamba. Ndipo ukaona kuti watitimira, chotsa phazi msanga, chifukwa kuponda moto n'kudzikumbira dzenje. Anamanga lamba kumbuyo kwa HiAce n'kutikokera chafutambuyo mpaka polimba. Titafuna kumupatsa kangachepe anakana. Bambo akunyumba anapopa matayala ndi kapampu kathu mwakachetechete, kenako anapita okha kukalipira galimoto yonyamula anthu ija. Sindinanene kanthu. Nkhope yanga ndi imene mwina inanena.

Kuchokera potsikira, kupita ku chigwa cha Deadvlei ndi ulendo wapansi wa kilomita imodzi kapena kupitirira pang'ono, kukwera timilu. Dzuwa linali litayamba kuluma, majuzi tamanga m'chiuno. Pamchenga panali timapazi tambirimbiri ngati wina wasoka ndi makina. Ndi tizikumbu takuda timene timathamanga ngati tachedwa kuntchito. Tina mwa ito timamwa nkhungu. Nkhungu ikabwera kuchokera kunyanja m'bandakucha, timakwera pamsana pa mulu, n'kuzondoka mutu pansi, madzi amaundana pamsana pake n'kutsetserekera kukamwa. Ine wobadwira m'mbali mwa nyanja, amene ndinkachapa mbale madzi ali m'mawondo, ndinaima n'kukayang'ana kachikumbu kamodzi nthawi yaitali ndithu.

Titakwera kamulu komaliza, Deadvlei inangoti mbee pansi pathu. Ndi chigwa cha dongo loyera, louma gwa, long'ambikang'ambika ngati mphika wakale. Mozungulira milu yofiira, wina wake wamtali koposa amautcha Big Daddy, mamita pafupifupi 325, anthu pamwamba pake akuoneka ngati nyerere. Ndiye pakati pa dongopo paima mitengo yakufa, yakuda ngati yopserera, nthambi m'mwamba. Ndi mitengo ya minga ya mtundu wa mthethe. Inamera kale mtsinje wa Tsauchab ukusefukira mpaka kuno. Kenako milu inatseka njira ya madzi, mitengo n'kufa, zaka zoposa 600 zapitazo. Sinawole chifukwa kulibe chinyezi choti iwolere, ndipo chiswe sichinaipeze. Dzuwa langoiwotcha khungu.

Ndinene zoona, ganizo langa loyamba silinali la kukongola. Linali lakuti: nkhuni! Nkhuni zouma bwino chonchi, zongoima, popanda wotola. Maso a mwana wa kumudzi sasintha ngakhale apite kuti. Ndinakumbukira mmene tinkalawirira ndi Amayi kupita kuphiri, kubwerako dzuwa lili pamutu, mtolo umodzi wa masiku atatu. Kuno saloleza n'kukhudza komwe, kuli kukwera kapena kuthyola. Ndinayandikira umodzi, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Thunthu lake lili ndi ming'alu yozungulira ngati chingwe chopota, ndipo m'ming'alumo mwalowa timchenga tofiira.

Kenako ndinakhala pansi pa dongopo. Bambo anapita kukajambula. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Kunalibe mbalame, kunalibe tsamba logwedezeka, ndinkangomva magazi anga m'makutu. Ndipo ndinazindikira kuti khutu langa likudikira. Likudikira belu la agogo a kuntchito, likudikira foni ya kumudzi, likudikira wina aitane kuti mankhwala, madzi, ndalama ya mayeso. Zaka 11 khutu limeneli silinagonepo. Linadikira, linadikira, osamva kanthu, mpaka linatopa n'kusiya. Mapewa anga anatsika okha. Ndinalira pang'ono, osati kwambiri, ndipo misozi yake inauma isanafike pachibwano.

Ndalama ya ulendo uno ikanagula matumba angapo a feteleza. Ndawerengera kangapo, usiku uliwonse chinyamukireni. Lero pa dongo paja ndi koyamba kuti ndisawerengere.

Titabwerera kugalimoto tinapeza zina. Pa kudumpha kuja chigubu chimodzi chinagwa, chitsekero n'kumasuka. Malita 25, theka lamwedwa ndi matilesi amene anatsetserekera pansi, theka latsikira pakhomo n'kulowa mumchenga osasiya n'chizindikiro chomwe. Mtima unangoti phaa. Pamsasa pali mpopi, sikuti tikanafa, koma ukangochoka kumene mitengo inafa ndi ludzu, kuona madzi atatayika kumawawa mwina. Bambo anayang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Madzi akatayika saoleka, Mayi." Apo ndiye ndinaphulika kuseka. Mwambi ndaumva moyo wanga wonse pa maliro ndi pa milandu, lero wagwira ntchito pa madzi enieni.

Matilesi tinayanika padenga la galimoto, ndipo pomwe timabwera kuchokera ku chigwembe cha Sesriem Canyon anali atauma. Mpweya wa kuno umayamwa chilichonse, milomo yanga yang'ambika, mafuta odzola akungolowa ngati ndikuthira pa njerwa. Chigwembecho chili pafupi ndi msasa, chakuya mpaka mamita 30, chokumbidwa ndi Tsauchab yemweyo, ndipo pansi pake pali mthunzi wozizira bwino. Dzina lakuti Sesriem ndi la Chiafrikaans, kutanthauza zingwe zisanu ndi chimodzi za chikopa. Apaulendo akale ankalumikiza zingwe zotero kuti chidebe chifike pamadzi. Aliyense amene anatungapo pachitsime chakuya mu Okutobala akumvetsa popanda kumufotokozera.

Madzulo ndinati lero tidye nsima, buledi watikwana. Mphepo inali itayamba. Ndinaika mbaula kuseri kwa kampanda ka miyala kozungulira malo athu, moto ukungothawira mbali imodzi. Bambo anaima ndi chitenje changa atachitambasula ngati akutchinga mkwatibwi. Phala linachedwa kuwira, ndipo nthawi iliyonse ndikavundukula kuti ndithire ufa, mphepo inkathirako zake. Ndinavundula mofulumira, mthiko ukuchita kulira m'poto. Nsima inapsa bwino, yoyera, koma ukatafuna, tseketseke m'mano. Usipa ndiye sunavute, unazolowera mchenga kuchokera pa thandala. Tinadya yonse.

Tikudya, kunabwera oryx. Ndi nyama yonga mphalapala, koma nyanga zake n'zowongoka ngati mikondo, nkhope yakuda ndi yoyera ngati yapakidwa. Ndi imene ili pa chizindikiro cha dziko la Namibia. Inaima pansi pa mtengo wathu, mamita ochepa chabe, n'kumatola nyemba zogwa mumtengomo, kukukuta ngati munthu akudya chimanga chokazinga. Ife mbamu m'manja, osatafuna. Itamaliza inatiyang'ana kamodzi n'kumapita, osafulumira.

Pano pamsasa netiweki imagwira mwa apo ndi apo, ndiye ndinawatumizira Amayi zithunzi zitatu pa WhatsApp kudzera pa foni ya mng'ono wanga: mulu wofiira, oryx, ndi mitengo ya ku Deadvlei. Yankho lafika posachedwapa, mawu ojambula a masekondi 9. Za mulu sananenepo kanthu, za nyama ayi. Angoti, "Iwe, mitengo youmayo ilibe mwini?"

Ndamvetsera kanayi. Nyenyezi zadzadza mpaka pansi, mlalang'amba ukuoneka ngati ufa wotayika panjira ya kuchigayo. Nkhandwe ikuzungulira kuseri kwa mpanda, ndiye nsapato ndalowetsa m'kati, poto ndavundikira ndi mwala. Mawa tikupita ku Solitaire kukathira mafuta ndi kulawa chitumbuwa cha maapozi chimene aliyense pamsasa pano akutiuza. Zigubu zonse zitatu ndadzadza, ndamanga ndi chingwe, ndipo zitsekero ndakhwimitsa ndekha.