Swichi ya ekizozi ndi madzi obwerera mu injini

Ekizozi ya swichi ndimaikonda, ndipo sindibisa. Ukadina batani pa boti la liwiro, zitseko zing'onozing'ono za m'mapaipi zimatembenuka, utsi n'kumatulukira kumbuyo kwa boti, injini ya masilinda asanu ndi atatu (V8) ikubangula. Ukadinanso, utsi umatsikira m'paipi yooneka ngati Y n'kukatulukira pakati pa propela pansi pa madzi, anthu padoko osasowa mtendere. Ena amaidziwa ndi dzina la Captain's Call, la kampani ya Corsa, ena amati Silent Choice.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amagula swichiyi osaganiza za camshaft, chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu, imene ili m'injini yawo.

Ekizozi ya boti imakhala yonyowa. Madzi oziziritsa amathiridwa mu utsi kuti mapaipi a labala asapse, ndipo amakumana ndi utsiwo kumapeto kwa paipi yokwera yopindika ngati chigongono, yotchedwa riser. Kuti swichi ikwane, imayikidwa pafupi ndi chigongonocho, ndiye madzi amayenera kulowa msanga, kufupi kwambiri ndi mavalavu. Pa injini yaikulu ya V8 yotchedwa 454 kapena 502 yomwe sinasinthidwe kanthu, zimenezi sizivuta kwenikweni. Koma mwini boti akafuna mphamvu, n'kuikamo camshaft yaukali, yotsegula mavalavu kwa nthawi yaitali, pamakhala kanthawi kotalikirapo pamene valavu yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi zonse zili zotsegula. Pisitoni ikayamba kutsika nthawi imeneyo, imakokanso mpweya kuchokera ku ekizozi, ndipo madontho a madzi amabwerera nawo. Injini ikathamanga, utsi umakhala ndi mphamvu yokankha madziwo kunja. Ngozi ili pamene injini ikulira pang'onopang'ono, ikuzungulira cha m'ma 600 kapena 700 pa mphindi (rpm), nthawi yomweyo imene munthu akuyandikira doko atatseka phokoso.

Madziwa sabwera ngati chigumula. Amanyowetsa mavalavu lero, mawa dzimbiri layamba, kenako valavu siikutseka bwino ndipo ikukoka madzi ochuluka kuposa kale. Oyilo amasanduka woyererako. Tsiku lina silinda imadzaza, ndipo popeza madzi sapanikizika, chitsulo chogwira pisitoni chimapindika. Ngati madziwo ndi amchere, zonsezi zimachitika mofulumira.

Munthu akandifunsa, ndimamuuza kuti ayese yekha: ailize injini pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, aizimitse osaponda moto, achotse riser n'kusuzumira m'kati mwa manifold, chitsulo cholandira utsi kuchokera m'masilinda. Muyenera kukhala mwaye wouma. Mukanyowa, vuto lilipo, bola atsimikize kaye kuti gasiketi sikudontha.

Mankhwala ake alipo: riser yaitali, paipi yam'kati yotalikitsidwa kuti madzi akalowere kutali, kukweza pang'ono liwiro lolirira injini, kapena camshaft ya lobe separation (mpata wa pakati pa timapiri totsegula valavu yolowetsa ndi yotulutsa) ya madigiri 112 mpaka 114 m'malo mwa 110. Koma camshaft ikakhala yaukali kwambiri, ine ndimanena mosapita m'mbali kuti swichi ichoke, paikidwe mapaipi othira madzi kumapeto kwenikweni, ndipo phokoso lichepetsedwe ndi mafula (muffler).