Kulondola amene anasintha chiyani mu CRM: zomwe ndatolapo pa phunziro la audit log

Tiyerekeze bungwe la alimi a tiyi ku Thyolo lomwe limasunga mu CRM (pulogalamu ya pakompyuta yosungira zambiri za makasitomala kapena mamembala) dzina la mlimi, kalabu yake, nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi makilogalamu a masamba amene wapereka pa sikelo. Mlimi akudandaula kuti ndalama za mwezi watha sanaziwone, koma mukatsegula rekodi yake nambala ili bwinobwino. Chomwe chingaulule zoona ndi audit log, chifukwa pa kusintha kulikonse imalemba amene anasintha, nthawi yake, zomwe zinalipo kale ndi zomwe anaikapo. Mungapeze kuti nambala inasinthidwa dzulo lake la malipiro, n'kubwezeretsedwa mawa lake.

Koma log imalemba zokhazo zimene munaiuza kuti iziyang'anira, ndipo imayambira tsiku lomwe mwaiyatsa. Za m'mbuyo sizibwerera. Mu CRM ya Microsoft Dynamics 365 poyatsa pali patatu: pa environment yonse (sisitimu yonse), pa table (mndandanda, monga wa alimi), ndi pa column (gawo limodzi la mndandandawo, monga nambala ya foni). Ambiri amayatsa poyambapo n'kuganiza kuti zatheka, chonsecho table ya alimi ili chizimire. Mu CRM ina ya Salesforce, Field History Tracking imalola ma field (ma column) 20 pa object (table) imodzi, ndipo mbiriyo imaoneka kwa miyezi 18. Field yolandira zilembo zopitirira 255 imangosonyeza kuti inasinthidwa, mawu akale ndi atsopano osaoneka. Choncho nkhani ya ndalama musamaibise mu bokosi la ndemanga.

Kwa ine, oyamba kuyang'aniridwa ndi ma field amene akhudza thumba la mlimi: nambala ya foni, akaunti ya banki, makilogalamu, ndi mwini wa rekodi. Kuyatsa chilichonse si nzeru, log imadya malo osungira ndipo malowo ndi olipira.

Mbali ya olowa mu sisitimu ndi yosiyana. Login History ya Salesforce imasunga miyezi 6: nthawi, IP address (nambala ya pa intaneti ya komwe munthu analowera), ndiponso ngati kulowako kunatheka kapena kunakanika. Setup Audit Trail imasunga masiku 180, ndipo ndi yomwe imaonetsa amene anapatsa mnzake mphamvu zomwe samayenera kukhala nazo. Popeza zonsezi zimafufutika zokha, muzitsitsa mbiriyi mu fayilo ya CSV (yotsegulika mu Excel) miyezi itatu iliyonse n'kuisunga kwina. Dziwaninso kuti kulowa si kuwerenga. Kalaliki wotulutsa mndandanda wonse wa alimi kupita mu Excel sanasinthe kanthu, ndiye mu Audit History simuwona chilichonse. Mu Dynamics zowerenga ndi zotulutsa zimayatsidwa padera, ndipo zimakaoneka mu pulogalamu ina ya Microsoft Purview. Izi n'zofunika kwambiri tsopano pomwe tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe woliyang'anira ndi MACRA.

Chimene chimaononga zonse kuno kwathu ndi pasiwedi yobwerekana. Nyengo ya mvula masamba akachuluka, makalaliki aganyu amalembedwa, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ya laisensi onse amalowera pa akaunti imodzi. Log ikatero imangotchula dzina limodzi pa zochita za anthu asanu, ndipo mlandu umagwera wosalakwa kapena umangofera m'mazira. N'chimodzimodzi ndi kulowetsa deta yambiri nthawi imodzi: mizere yonse imatenga dzina la amene anakweza fayiloyo, osati amene analemba manambala pa sikelo. Fayilo yoyambayo isungidwe.

Nthawi nayo imapusitsa. Kumidzi ya m'mphepete mwa phiri la Mulanje netiweki imavuta, kalaliki amalemba pa foni popanda intaneti, ndipo log imalemba nthawi yomwe foni inatumiza deta, osati yomwe masamba anayezedwa. Komanso masisitimuwa amasunga nthawi mu UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi), pomwe ife tili patsogolo ndi maola 2. Fayilo yotsitsa ikati 22:30, kuno inali 00:30 ya tsiku lotsatira. Musanaloze munthu chala, yerekezani ndi buku la pa sikelo.

Waganyu akamaliza ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo koma isafufutidwe, kuti dzina lake lizionekabe m'mbiri. Ndipo mphamvu yofufuta log isakhale m'manja mwa amene amakonza malipiro. Mu Dynamics mphamvu imeneyi ili payokha mu security role (mndandanda wa mphamvu zopatsidwa kwa wogwiritsa ntchito), mutha kuichotsa kwa wina aliyense kupatula woyang'anira sisitimu.