Kaliyala wopanda munthu

Tsiku lomaliza limene ndinakweza amayi panjinga sindinamve kulemera kwawo. Kale ndikawatenga kupita kuchigayo kapena kumsika wa Lizulu, ndinkachita kuimirira pamapedulo pokwera chitunda. Koma tsiku limenelo, popita kuchipatala chaching'ono cha kwathu ku Ntcheu, ndinkangocheuka kuona ngati akadali pa kaliyala. Dzanja lina anali atagwira lamba wanga, lina atapanikiza pamimba. Patatha miyezi inayi tinawaika m'manda. Inali khansa ya khomo la chiberekero.

Achemwali anga ndi amene anandiuza pambuyo pa maliro kuti amayi anakhala akutaya magazi pafupifupi chaka chonse, osauza munthu. Zoterezi mwana wamwamuna sauzidwa. Ndipo anamwino atawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu, kalatayo inakhala m'Baibulo masabata angapo, poti ndalama yokwerera inalibe ndipo sanafune kundivutitsa. Kalata imeneyo ndili nayo mpaka lero. Imandipweteka kuposa manda.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho kuyezetsa kwake n'kwa mphindi zochepa. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuyang'ana, ndipo akaona zizindikiro zoyamba amatha kuziwotcha tsiku lomwelo. M'zipatala za boma salipiritsa. Kuyambira 2019 atsikana a zaka 9 akulandiranso katemera wa HPV, kachirombo kamene kamayambitsa khansayi. Chimene chimatchinga amayi ambiri akumudzi ndi mtunda, manyazi ndi ndalama ya basi kapena kabaza. Choncho ndinaganiza zopalasa njinga kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, makilomita opitirira 300, kuti ndipemphe ndalama zoyendera amayi akwathu opita kukayezetsa. Thumbalo akusunga ndi amayi a kumpingo kwathu, achemwali ndiye mlembi.

Njinga ndinagula ya kaunjika, yamagiya. Ndinapita nayo kwa wowotcherera zitsulo kuti andiikire kaliyala wolimba. Anzanga amene amapalasa masewera anandiletsa, amati ndikudzisenzetsa katundu wopanda ntchito. Sindinawamvere. Pa kaliyalapo ndinamangapo chitenje cha amayi, chija ankavala popita kumunda, chofiira chomwe chinasuluka m'mbali. Miyezi itatu ndinkadzuka m'bandakucha, kupalasa mpaka ku Nathenje n'kubwerera, kenako kusamba n'kupita kuntchito.

Ndinanyamuka mu July, ndipo apo ndinalakwitsa. Mwera umachokera kummwera, ine n'kumalowera komweko, ndiye tsiku lonse mphepo inali kumaso. Kuchoka pa Linthipe kukwera ku Dedza miyendo inkanjenjemera, zala zitauma ndi kuzizira moti kusintha giya kunali kovuta. Magalimoto akuluakulu akamadutsa ndinkatsikira kudothi. Usiku umenewo ku Dedza foni inkangolira, anthu akutumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, wina K500, wina K2,000, ena osawadziwa n'komwe. Mayi wina anatumiza ndi uthenga wa mawu awiri okha, dzina la mng'ono wake.

Tsiku lachiwiri ndinadutsa pa Lizulu, pamene msewu wa M1 umayenda m'malire, uku Malawi uku Mozambique. Milu ya kachewere, kabichi ndi tomato inali pomwe paja. Mayi wina amene ankagulitsa moyandikana ndi amayi anazindikira chitenjecho asanandizindikire ine. Anangochigwira, osalankhula, kenako anandiikira nthochi m'thumba. Madzulo ndinapatukira kumudzi, ndinagona m'nyumba ya amayi, ndipo achemwali anandikanda miyendo ndi madzi otentha.

Kupitirira Chingeni dziko limatsika ndipo kumayamba kutentha. Tayala lakumbuyo linaphwa kawiri, ndipo kachiwiriko anandimatira chubu mnyamata wina wokonza njinga pansi pa mtengo, amene atamva za ulendowu anakana ndalama. Za chitunda chochoka pa mlatho wa Shire pa Zalewa kudzera ku Lirangwe ndi Lunzu sindinena zambiri. Ndinakwera tsiku lachinayi, pena ndikukankha, ndipo ndinafika.

Chimene ndimakumbukira kwambiri chinachitika tsiku lachitatu, chakufupi ndi Phalula. Mayi wina wobereka mwana kumbuyo anandiimitsa ndi dzanja, ataona kaliyala n'kuganiza kuti ndine wakabaza.

"Achimwene, kuchipatala ndi zingati? Mwanayu thupi latentha kuyambira dzulo."

Ndinati, "Kwerani mayi, palibe cholipira."

Ndinayala bwino chitenje chija ndipo anakhalapo. Nditayamba kupalasa njinga inalemera, tayala lakumbuyo n'kukhala pansi monga linkachitira kale. Pa kachitunda koyamba ndinaimirira pamapedulo, ndipo mayiyo, poopa kugwa, anandigwira lamba. Misozi inayamba kutsika, ndinalephera kuipukuta poti manja onse anali pa handulo. Anandifunsa ngati m'maso mwalowa fumbi. Ndinawauza kuti ayi, ndakumbuka amayi anga. Sanafunsenso china, koma dzanja lawo silinachoke pa lamba mpaka tinafika pageti la chipatala.