Mchere wa m'paketi ndi mbale imene agogo anakana

Lolemba, 16 Febuluwale 2026

Achemwali ena oyandikana nafe nyumba, amene amaphika kwa banja lina la Amwenye ku Limbe, afika madzulo ano nkhope ili yakugwa. Dzulo kunali Maha Shivaratri, usiku waukulu wa mulungu Shiva, ndipo akuluakulu a m'nyumbamo anasala kudya. Achemwaliwa anauzidwa kuti akonze chakudya cha osala. Agogo aakazi a pakhomopo anangonunkhiza mbale ija, n'kuikankhira pambali osalawa n'komwe.

"Achimwene, ine zaka zonsezi ndikuwaphikira, lero chakudya changa chasanduka chodetsedwa? Anyezi sindinaike, adyo sindinaike, monga adona ananenera. Ndiye chalakwika n'chiyani?"

Ndawafunsa za mchere. Akuti anathira wa m'paketi, wa masiku onse. Mafuta? Omwe anakazingira samusa Loweruka, anangowasefa. Nanga hing, kaufa kafungo lamphamvu kokometsera ndiwo? "Pang'ono pokha, agogowo amaikonda mu dal, msuzi wa nandolo uja."

Zolakwika zitatu m'mbale imodzi, ndipo palibe chimodzi chomwe achemwaliwa akanachidziwa popanda wowauza. Chikundinyansa n'chimenecho. Munthu umusiyira khitchini pa tsiku lolemekezeka chonchi, malangizo n'kungoti anyezi ayi, adyo ayi, basi.

Ahindu sasala mofanana onse. Ena amachita nirjala, osadya osamwa ngakhale madzi mpaka kutacha. Ena amangodya zipatso ndi mkaka. Ambiri, makamaka ochokera ku Gujarat monga Ahindu ambiri a ku Blantyre ndi Limbe, amadya chakudya chimene amati farali kamodzi kapena kawiri pa tsikulo. Chakudyachi chimakana mpunga, tirigu, chimanga, nyemba, nandolo ndi dal yamtundu uliwonse. Nyama, nsomba ndi mazira ndiye osatchula. Chimalola kachewere, mbatata, mtedza, mkaka, chambiko, ghee (mafuta a batala wosungunula), zipatso, sabudana (timibulu toyera ta chinangwa), moraiyo (tinjere tonga mawere) ndi ufa wa rajgira, womwe umachokera ku njere za mtundu wina wa bonongwe. Mtedza ndi wachibale wa nyemba koma ukuloledwa, ndipo musavutike kufunafuna chifukwa chake, mwambo unaika choncho.

Mchere wololedwa ndi wamwala, umene Agujarati amati sindhav, ena amati sendha namak. Umakumbidwa pansi, umaoneka woyera mofiirira pang'ono, ndipo amauona ngati wosadetsedwa chifukwa sunadutse m'mafakitale ngati wa m'paketi. Sukolera msanga, choncho mumathira mochulukirapo pang'ono. Osausokoneza ndi mchere wakuda wonunkha ngati dzira lowiritsa, umenewo mabanja ambiri salola. Komanso wa sindhav nthawi zambiri ulibe ayodini, ndiye si wotengera kunyumba n'kumadyetsa ana tsiku ndi tsiku, chithokomiro chingabwere.

Za hing ndiye msampha weniweni. Ya ufa imene imagulitsidwa m'timabotolo imasakanizidwa ndi ufa wa tirigu kapena wa mpunga kuti isagwirane. Kutsinako kamodzi kokha kwalowetsa tirigu m'chakudya. Fungo lake silibisika, ndipo ndikukhulupirira kuti agogowo anamva limeneli poyamba, mafuta a samusa aja n'kutsatira. Mafuta amene akazingira chinthu cha tirigu ndi anyezi atenga kale zonsezo, kusefa kumangochotsa zinyenyeswa. Pa tsiku losala pamafunika ghee kapena mafuta a mtedza atsopano, chiwaya chotsukidwa bwino, mthiko wakewake. Mabanja ena amasunga mapoto apadera a masiku amenewa.

Achemwali aja anamvetsera, kenaka anati, "Komanso timikanda ta sabudana tija tinagwirana, tinangoti phala phala." Apa ndiye tinakhalitsa, mvula ili pakupaku padenga.

Sabudana ndi chinangwa. Amachipala, amafinya madzi ake oyera aja, chotsalira pansi amachiumba timibulu n'kuumitsa. Yambiri ya ku India imapangidwa ku Salem, m'chigawo cha Tamil Nadu. Popeza ndi chinangwa chokhachokha, ikakumana ndi madzi ambiri ndi moto waukulu imananda ngati nsima ya kondowole. Kuti ituluke njere iliyonse payokha, tengani kapu imodzi ya sabudana, muitsuke m'sefa kawiri kapena katatu mpaka madzi asiye kuyera. Kutsukaku n'kumene kumachotsa ufa wokuta kunja, womwe ndi gwero la kunanda. Ikani m'mbale yotakasuka, muthire madzi osapitirira kapu imodzi, ongofika pamwamba pa njerezo, osati kuzimiza. Vundikirani maola 5 kapena 6, kapena usiku wonse. Mukatenga kambulu kamodzi n'kukafinya ndi zala, kaphwanyike konse. Kakatsala kolimba pakati, wazani masupuni awiri a madzi, mudikire ola lina. Mukaona madzi pansi pa mbale, khuthulirani m'sefa kwa mphindi 15.

Achemwaliwa anaviika kapu imodzi m'makapu atatu a madzi, ola limodzi lokha. Kunja kunasungunuka, mkati muli gwa.

Mtedza theka la kapu, wokazinga, wochotsa makoko, wosinja mosalalitsa. Isakhale nsinjiro yotendera masamba, izikhala ya timibulu. Muusakanize ndi sabudana musanaike pamoto, pamodzi ndi sindhav ndi supuni yaing'ono ya shuga. Mtedzawo umayamwa chinyezi n'kulekanitsa njere. M'chiwaya muike masupuni awiri a ghee, njere za jeera (cumin) supuni yaing'ono imodzi, tsabola wamuwisi awiri wodula, kachewere mmodzi wamkulu wowiritsa kale ndi kuduladula. Akayamba kufiira, thirani sabudana, muchepetse moto. Mphindi 4 kapena 5 zakwana, njere zikasiya kuyera n'kuyamba kuonekera mkati ngati galasi, phulani. Tembenuzani mofatsa kawiri katatu, osatakasa. Ndimu mufinyire mutaphula. Chikasu musaike pokhapokha adona atanena, mabanja ambiri amachipewa tsiku losala.

Sabudana yoviika mosakwana ikapita m'mafuta otentha, popanga vada, zomwe ndi tizitumbuwa ta sabudana, imaphulika n'kumwaza mafuta kumaso. Izi ndawauza kawiri.

Chimene ndinalephera kuwafikitsa pamtima n'choti agogowo sanawanyoze. Usiku wa Maha Shivaratri ndi wa 14 kuchokera pamene mwezi wayamba kutha kumwamba, mdima uli bii. Agujarati amauwerengera m'mwezi wa Maha, a kumpoto kwa India amati Phalguna, koma usiku ndi womwewo. Kwawoko chisanu chimakhala chikutha, kuno kuli dzinja, chimanga chikumasula. Tsiku limasuntha chaka ndi chaka chifukwa amatsata mwezi: mu 2024 linali pa 8 Malichi, mu 2025 pa 26 Febuluwale, chaka chino pa 15. Opembedza amachezera usiku wonse, ataugawa zigawo zinayi za maola atatuatatu. Chigawo chilichonse amasambitsa lingam, mwala woimira Shiva, ndi madzi, mkaka, chambiko, ghee ndi uchi, amaikapo masamba a bilva okhala atatuatatu pa phesi, akubwereza mawu olemekeza Shiva akuti Om Namah Shivaya. Ku Junagadh, m'tsinde mwa phiri la Girnar, kumakhala msonkhano waukulu wa Bhavnath, ndipo ku Mauritius anthu amayenda wapansi masiku angapo kupita ku nyanja ya Ganga Talao. Nkhalamba imene yadzimana tsiku lonse kuti ikachezere kukachisi singalole kuti zonsezo zionongeke ndi supuni imodzi ya chakudya. Bola kugona ndi njala. Ndipo akuti anadyadi nthochi ziwiri ndi mkaka basi.

Kumasula kumachitika m'mawa mwake dzuwa litatuluka, munthu atasamba, tsiku la 14 lija lisanathe malinga ndi kalendala yawo. Apa pali vuto lina limene ophika amakumana nalo: makalendala ambiri opachika m'makhitchinimu anasindikizidwa ku India, ndipo nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka. Nthawi yothera tsikulo muchotsepo maola amenewo, koma kutuluka kwa dzuwa muyang'ane kwa kuno. Chakudya chomasulira chikhale chitapsa kale, chopepuka, osati chamafuta pamimba yopanda kanthu.

Zandikhalabe kukhosi. Ndikaganiza za agogowo ndimawamvetsa, ndikaganiza za achemwaliwa atanyamula mbale yobwezedwa pamaso pa ana a m'nyumba, mtima umandiwawa. Odwala shuga, amayi oyembekezera ndi ana sakakamizidwa kusala, ndipo wa shuga asadzinamize kuti sabudana njopepuka, imakweza shuga msanga kuposa mmene maonekedwe ake amanenera. Izi ndaonjeza chifukwa abambo a m'nyumbamo akuti amamwa mapiritsi a shuga, koma amadya mbale ziwiri.

Pasanathe masabata awiri kukubwera Ekadashi, tsiku la 11 la mwezi, ndipo malamulo a chakudya ndi pafupifupi omwewa. Kenaka Holi, chikondwerero chothirana utoto, mwezi ukakhala wathunthu. Ndawauza kuti mawa akafunse adona alembe papepala zololedwa m'nyumba mwawomo, chifukwa tomato, masamba a dhania (coriander) ndi ginja banja lina limalola, lina limakana, ndipo palibe wakunja angawadziwire. Iwo akuti kufunsa kuoneka ngati akuyambanso mlandu, mwina angodikira aone ngati adonawo ayambe okha. Sindhav wotsala kabotolo kamodzi ali m'kabati ya pamwamba, akuti anamuona kalekale koma ankayesa ndi mankhwala a agogo.