Lachitatu: disk ya 1 TB yomwe inakhudzidwa ndi clean

M'mawa wa lero pa tebulo lokonzera panafika hard disk yakunja ya 1 TB. Mwini wake ankakonza flash yoikira Windows, ndiye ali mu diskpart, pulogalamu ya Windows yoyendetsera ma disk polemba malamulo, anasankha disk 1 (hard disk ija) m'malo mwa disk 2 (flash), n'kulemba lamulo la clean. Atatsegula Disk Management, pomwe Windows imaonetsa ma disk onse, anapeza disk yonse ili ndi mzere wakuda, yalembedwa Not Initialized. Mwamwayi sanadine Initialize, komanso sanayese format.

Lamulo la clean silifafaniza mafayilo. Limachotsa partition table yokha, kalozera amene amauza kompyuta pomwe gawo (partition) lililonse la disk layambira ndi pomwe lathera. Pa disk ya MBR, njira yakale yogawira disk, kalozerayu ali mu sector (kachigawo kakang'ono ka disk) yoyambirira: mwa mabayiti 512, ake ndi 64 okha, kuyambira pa 446, malo a magawo anayi. Zithunzi ndi makalata zimakhala pomwe zinali. Loopsa ndi clean all, chifukwa ilo limalemba ziro pa sector iliyonse, ndipo zikatero palibenso chobweza.

Tisanakhudze chilichonse tinatenga chithunzi cha disk yonse, kutanthauza kukopera disk yonse mu fayilo imodzi, pa Linux ndi pulogalamu ya ddrescue: ddrescue /dev/sdb disk.img disk.map, kupita pa disk ina ya 2 TB. Ntchitoyi imadya maola atatu kapena kuposerapo pa USB 3. Masana magetsi anathima, koma fayilo ya map imasunga pomwe ntchito yafika, choncho atayaka tinangolembanso lamulo lomwelo n'kupitiriza. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi pofuna kufulumira, ndipo sitikugwirizana nazo: disk ikakhala ndi masekita ofooka, kufufuza kwa maola ambiri kungaimalize.

Kenako TestDisk, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier yopezera magawo otayika, pa chithunzicho osati pa disk yeniyeni. Tinasankha Intel, dzina lomwe TestDisk imatchulira MBR, popeza disk inali ya MBR, kenako Analyse ndi Quick Search. Inapeza gawo limodzi la NTFS (file system ya Windows, njira yosanjira mafayilo) loyambira pa sector 2048, pomwe Windows yamakono imayambitsira magawo. Ma disk akale a nthawi ya XP amayambira pa 63. Apa ndi pofunika kudekha. Musanapite pa Write, yomwe imalemba kalozera watsopano pa disk, dinani P muone mafoda. Mayina akaoneka bwino ndi masiku ake, gawolo ndi lolondola. Mndandanda ukakhala wopanda kanthu kapena wa zilembo zosokonekera, mwina mwapeza zotsalira za gawo lakalekale, ndipo kulilemba kungabise lenilenilo. Zikatero yesani Deeper Search, yomwe imagwiritsanso ntchito boot sector yachiwiri (kope la sector yoyamba ya gawo) imene NTFS imasunga kumapeto kwa gawo.

Mafoda onse anaoneka. Tinakopera mafayilo pa disk ina poyamba, n'kutsegula angapo kuti titsimikize, kenaka tinabwereza masitepe omwewo pa disk yeniyeni n'kudina Write. Itazulidwa n'kulumikizidwanso pa Windows, inabwera ndi dzina lake lakale.

PhotoRec, pulogalamu inzake ya TestDisk yobwezera mafayilo otayika, sinafunike. Imathandiza file system ikawonongeka, koma imabweza mafayilo opanda mayina ndi mafoda, kungowapatsa manambala. Pa SSD nkhani imavuta munthu akapanga format, chifukwa TRIM, lamulo louza SSD kuti ifafanize malo osagwiritsidwanso ntchito, imatha kutaya deta nthawi yomweyo.

Tisanaibweze disk tinasunga kalozera wake ndi sfdisk -d /dev/sdb > tebulo.txt, kafayilo ka mizere yochepa, n'kukaika pa flash ya mwini wake. Tinamuonetsanso kuti mu diskpart, akalemba select disk, azilemba detail disk aone dzina la chomwe wasankha asanalembe clean.